Kodi malamulo apakamwa amene mwaphunzitsa kompyuta yanu mungawakiye bwanji?

Funso: Ndili ndi kaofesi kotayipa makalata ndi kusunga mabuku a ndalama a mabizinesi ang'onoang'ono, pafupi ndi msika waukulu wa Zomba. Chifukwa cha kupweteka kwa mfundo za m'manja, kwa zaka zitatu tsopano ndakhala ndikulemba polankhula, pogwiritsa ntchito pulogalamu ya Dragon Professional, ndipo ndaiphunzitsa malamulo angaanga pafupifupi 80. Ndikangonena mawu awiri imatulutsa kalata yonse yokumbutsa munthu ngongole, kapena imatsegula invoyisi n'kuikamo tsiku ndi nambala. Lamulo lina limandilembera pasiwedi ya imelo ndi ya kubanki kuti zala zisavutike. Mwezi wamawa ndikulemba ntchito atsikana awiri, ndipo ndikufuna kuti nawonso azigwiritsa ntchito malamulowa, koma ndikuopa kuti angawakopere pa fulashi n'kupita nawo kwina. Kodi pali njira yowakiyira? Ndine wowerenga wanu wa ku Matawale.

Yankho: Zikomo mayi chifukwa cha funso lanu. Njira yokiyira ilipo ndipo ndiifotokoza bwinobwino, koma ndikupempheni kuti muwerenge mpaka pansi, chifukwa chimene chandidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu ndi lamulo lija lolemba pasiwedi ya kubanki, limene inu mwangolitchula modutsa ngati nkhani yaing'ono. Zonse zimene ndinene zatsamira pa mfundo imodzi: Dragon, monganso mapulogalamu ena amtundu wake, inapangidwa kuti izimva chimene chanenedwa, ndipo ilibe udindo wotsimikiza kuti wanenayo ndani. Imakhala ngati wantchito womvera kwambiri amene waphimbidwa m'maso, yemwe amachita chilichonse chimene wamva popanda kufunsa kuti mawuwo achokera kwa bwana, kwa mlendo kapena pa wailesi.

Tiyambe ndi chimene mwafunsa. Malamulo amene mumapanga mu Dragon mutha kuwatulutsa potsegula Command Browser, kusankha amene mukuwafuna, kenako kudina Export, ndipo chotulukacho chimakhala fayilo yomwe dzina lake limathera ndi .dat. Fayilo imeneyi aliyense amene ali ndi Dragon Professional atha kuilowetsa pa kompyuta yake, kuwerenga mmene munalembera lamulo lililonse, kulisintha, ngakhalenso kulitulutsanso n'kupatsa wina. Kampani ya Nuance, yomwe imapanga Dragon ndipo Microsoft inamaliza kuigula mu 2022, inaika kapulogalamu kakang'ono kotchedwa MyCommands Protection Utility m'foda momwe mumakhala pulogalamu yaikuluyo, ndipo dzina la fayilo yake ndi protectcmds.exe. Kapulogalamuka kalibe mabatani oti mudine. Mumakayendetsa mu Command Prompt, windo ya mu Windows yolembamo malamulo pa kiyibodi, polemba dzina lake, kenako komwe kuli fayilo yanu ya .dat, kenako dzina la ofesi yanu, ndipo mukafuna mumawonjezerapo keyala yoti anthu akupezereni. Mukatero, wolowetsa fayiloyo amatha kugwiritsa ntchito malamulowo, koma akayesa kutsegula limodzi kuti aone zamkati amangolandira uthenga woti lamuloli linatetezedwa ndi mwini wake. Sangalisinthe, ndiponso sangalitulutsenso kuchokera pa kompyuta yakeyo.

Chenjerani pa chinthu chimodzi musanayambe: loko ameneyu alibe kiyi wotsegulira, ngakhale kwa inu mwini. Choncho tulutsani malamulo anu, pangani makope awiri, kiyani limodzi lokha, ndipo losakiyalo lisungeni kumene atsikanawo safika. Musalowetsenso fayilo yokiyayo mu profile yanu, momwe Dragon imasungamo kalankhulidwe kanu ndi malamulo anu, kuopa kuti ingalowe m'malo mwa malamulo anu osakiya, n'kupezeka kuti tsiku limene mukufuna kusintha chiganizo chimodzi m'kalata yokumbutsa ngongole mwadzitsekera nokha panja. Nthawi iliyonse imene mwasintha kanthu, mudzatulutsanso fayilo yatsopano, kuikiya, ndi kuilowetsa pa makompyuta awo. Muilowetse nokha ndi manja anu, ndipo mukamaliza muchotse fayilo ya .dat pa makompyutawo, chifukwa lokoyu saletsa kuti fayilo yokiyayo ikopedwe n'kukalowetsedwa pa kompyuta ina ku Chinamwali kapena ku Blantyre. Amangoletsa kuona zamkati.

Apa mpamene anthu ambiri amakhumudwa, ndipo ndi bwino mukhumudwe lero kusiyana ndi chaka chamawa. Malamulo anu ali mitundu iwiri. Ena amangotulutsa mawu amene munalemba kale, monga kalata ya ngongole ija. Ena ndi timapulogalamu tenitheni, topangidwa ndi Step-by-Step kapena Advanced Scripting, timene timatsegula invoyisi, kuwerengera nambala yotsatira ndi kuika tsiku. Kwa mtundu wachiwiriwu lokoyu ndi wothandiza ndithu, chifukwa munthu amaona zotsatira koma saona njira imene munadzera, ndipo kuti apange chofanana ayenera kukhetsa thukuta lake. Kwa mtundu woyambawo phindu lake ndi lochepa kwambiri. Mtsikana wanzeru angotsegula Notepad, kapulogalamu kolembera ka mu Windows, n'kunena malamulo anu limodzilimodzi, ndipo pasanathe ola limodzi makalata anu onse adzakhala ali pa sikirini, okonzeka kusungidwa pa fulashi kapena kujambulidwa ndi foni. Palibe pulogalamu imene ingabise chinthu chomwe ntchito yake ndi kuonekera.

Chitetezo chenicheni cha makalata amenewo chili pa pepala la mgwirizano wa ntchito. Lembanimo momveka kuti makalata, ma invoyisi, mndandanda wa makasitomala ndi malamulo a pa kompyuta ndi katundu wa ofesi, ndipo kuti sadzapita nazo akadzasiya ntchito. Asayine asanayambe, mukadali pa ubale wabwino. Lamulo la dziko lino la Copyright Act la 2016 limateteza zolembedwa, kuphatikizapo mapulogalamu a kompyuta, ndipo mgwirizano wolembedwa umakupatsani poyambira mukadzafuna kudandaula. Koma ndinene maganizo anga mosabisa: mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo atsikanawo tsiku lina adzachoka ndi luso lomwe aphunzira kwa inu, lomwe simungalikiye. Kalata yokumbutsa ngongole si imene imakoka makasitomala kubwera kwa inu. Zimene zingakugwetseni zikatuluka ndi mabuku a ndalama a anthuwo ndi pasiwedi yanu, ndipo mphamvu zanu zambiri zipite kumeneko. Mukumbukirenso kuti chilolezo cha Dragon chimagulitsidwa kwa munthu mmodzimmodzi, choncho aliyense wa iwo afunika chake.

Lokoyu alinso ndi mbali ina imene ogulitsa satchula kawirikawiri. Popeza Advanced Scripting imatha kutsegula mapulogalamu, kudina mabatani ndi kufufuta mafayilo, fayilo ya malamulo yochokera kwa munthu wina ndi pulogalamu ngati ina iliyonse, ndipo ikakhala yokiya simungathe kuona zimene ikuchita. Wina akakupatsani malamulo aulere okiya, kaya mwawapeza pa intaneti kaya mnzanu wakutumizirani pa WhatsApp, mukuwalowetsa mwa chikhulupiriro chokha. Ineyo pa kompyuta yosunga ndalama za anthu sindilowetsa lamulo limene sindingathe kuliwerenga, pokhapokha litachokera ku kampani yodziwika imene ndingaifunse mlandu.

Tsopano lamulo lija la pasiwedi. Lichotseni lero, musanawerenge china chilichonse, ndipo mukalichotsa musinthe mapasiwedi onse awiri, chifukwa kwa zaka zitatu akhala ali m'fayilo imene sinapangidwe kuti izisunga zinsinsi. Mwina mukuganiza kuti popeza Dragon inazolowera mawu anu, wina sangailamule. Profile imene munaiphunzitsa imathandiza kuti izikumvani bwino inuyo, koma simakana ena. Mayi wina wolankhula mofanana nanu pang'ono, kapena mwana wanu wamkazi, akanena mawu omwewo adzamveka, ndipo mawu afupiafupi a malamulo ndiwo savuta n'komwe. Dzina la lamulolo mumalinena mokweza tsiku ndi tsiku m'chipinda momwe mumalowa makasitomala, ndiye kuti kiyi wa kubanki mwakhala mukumulengeza kwa aliyense wokhala pa benchi kudikira risiti yake. Amene wamva akapeza mpata wa mphindi imodzi, inu mutatuluka kukagula yuniti, angotsegula Notepad, n'kunena mawuwo, pasiwedi yonse n'kulembedwa poyera. Ngakhale mutalikiya ndi protectcmds.exe zotsatira zake ndi zomwezo.

Palinso ngozi ina imene sifuna wakuba. Dragon imalemba paliponse pamene pali kakasa (cursor), kamzere kothwanima kosonyeza polembera, pa nthawiyo, ndipo siyang'ana ngati pamenepo ndi pakhomo lenileni la banki. Tsiku lina mudzanena lamulolo mukuganiza kuti muli pa tsamba la banki, pamene kakasako kali m'kalata ya kasitomala kapena mu WhatsApp ya pa kompyuta, kapenanso pa tsamba labodza limene achinyengo akutumizirani lofanana ndi la banki yanu. Mwachita mwayi kuti sizinachitike. Inu simungalembe PIN ya Mpamba kapena Airtel Money pa khoma la ofesi, ndipo lamuloli silisiyana kwenikweni ndi zimenezo.

Ndikudziwa kuti munapanga lamuloli chifukwa cha ululu wa m'manja, ndipo langizo limene likunyalanyaza ululuwo simulitsatira nthawi yaitali. Chimene mukufunika ndi pulogalamu yosungira mapasiwedi, monga KeePass, yomwe ndi yaulere ndipo imasunga zonse pa kompyuta yanu m'fayilo yobisika ndi masamu, kapena Bitwarden. Mumaitsegula ndi pasiwedi imodzi yaikulu m'mawa, n'kuiuza kuti izidzitseka yokha pakapita mphindi zingapo osaigwiritsa ntchito. Bitwarden ikaikidwa mu browser imayang'ana keyala ya tsamba isanalembe kanthu, zimene Dragon sichita, ndipo imatha kutsegulidwa ndi chala kudzera mu Windows Hello ngati laputopu yanu ili ndi poika chala kapena mwagula kachipangizo ka USB kowerenga zidindo za zala. Kugunda kamodzi ndi chala n'kopepuka kuposa kutayipa zilembo khumi ndi ziwiri. Pasiwedi yaikuluyo musaitchule pakamwa, ngakhale chilembo chimodzichimodzi, ndipo ngati banki yanu imatumiza nambala yotsimikizira pa foni, njira imeneyo isazimitsidwe.

Popeza kompyuta siisankha wolankhula, siisankhanso ngati wolankhulayo ndi munthu. Kumayambiriro kwa 2007, Windows Vista itangotuluka, anthu anaonetsa kuti mawu ojambulidwa akaseweredwa pa sipika ankatha kulamula kompyuta yomwe maikolofoni yake inali yotsegula, mpaka kufufuta mafayilo, ndipo Microsoft inavomereza kuti zimenezi n'zotheka. Mu Januwale 2017 wowerenga nkhani pa wailesi yakanema ya ku San Diego anatchula mawu opempha Alexa, pulogalamu ya Amazon yomvera malamulo apakamwa, kugula kanyumba ka zidole, ndipo owonera ena anadandaula kuti zipangizo za m'nyumba zawo zinayesa kuitanitsa katunduyo. Patapita miyezi itatu, mu Epulo, kampani ya Burger King inachita dala: inatulutsa malonda a masekondi 15 omwe ankathera ndi funso loyamba ndi mawu akuti "OK Google", ndipo zipangizo za Google Home m'nyumba za anthu zinayamba kuwerenga za chakudya chawocho kuchokera pa Wikipedia, mpaka Google inatseka mpatawo patangopita maola ochepa.

Ofesi ya pafupi ndi msika wa Zomba ili ndi mawu ambiri kuposa nyumba za anthu amenewo: oitanira minibasi, ogulitsa mbatata ndi mapichesi a kuphiri, wailesi ya m'sitolo yoyandikana, ndi kasitomala amene akusewera uthenga wa mawu pa foni yake. Ineyo ndinasiyapo maikolofoni yotsegula popita ku nkhomaliro, ndipo pobwera ndinapeza masamba awiri a Chingerezi chopanda mutu, chomwe pulogalamu inapeka poyesa kumva ndemanga za mpira wa pa wailesi. Ndinaseka, koma kuseka kunatha nditakumbukira kuti mwa malamulo obwera kale ndi Dragon muli "select all", ndipo likamveka limenelo, mawu aliwonse otsatira amalowa m'malo mwa chikalata chonse. Apa pali kusiyana kumene ambiri sakudziwa. Mukanena "go to sleep" maikolofoni imakhala ikumvetserabe, kudikira kuti wina anene "wake up", ndipo winayo atha kukhala aliyense. Mukanena "microphone off" imazima ndithu, ndipo singayatsidwenso ndi mawu. Pamafunika dzanja, kaya pa mawusi kaya pa batani la + la kumbali ya manambala pa kiyibodi. Zolowerani lachiwirili nthawi zonse pamene mukudzuka pampando kapena pamene kasitomala walowa. Gwiritsani ntchito hedifoni ya maikolofoni yokhala pafupi ndi pakamwa m'malo mwa maikolofoni ya mu laputopu imene imatola za m'chipinda chonse, ndipo ngati mungakwanitse, maikolofoni ya m'manja yokhala ndi batani lomwe imamva pokhapokha mwalipanikiza ndiyo yabwino koposa. Kwa inu amene manja amavuta, chopondera cha phazi chimagwira ntchito yomweyo.

Mwina mudzawerenga za njira zina zoopsa kumva. Mu 2017 ofufuza a pa Zhejiang University ku China anaonetsa kuti malamulo atha kutumizidwa pa mafunde opitirira 20 kHz, amene khutu la munthu silimva koma maikolofoni imamva, ndipo mu 2019 ofufuza a pa University of Michigan ndi anzawo a ku Tokyo analamula zipangizo pounikira maikolofoni ndi laser kuchokera pa mtunda wa mamita 110. Zimenezi n'zoona, koma musataye nazo tulo. Palibe amene adzakwere phiri la Zomba ndi laser kuti abe kalata yanu ya ngongole, pamene angathe kungokhala pa benchi n'kumvetsera.

Ena adzakulangizani kuti mupeze pulogalamu imene imazindikira mwini mawu, kuti izimvera inu nokha. Luso limenelo lilipo ndipo mabanki ena akunja amaligwiritsa ntchito, koma mbiri yake sikulimbikitsa kuti likhale loko yekhayo. Mu Meyi 2017 mtolankhani wa BBC anaonetsa kuti mbale wake amene anabadwa naye mapasa, osafanana n'komwe nkhope, anatha kulowa mu akaunti yake ya ku HSBC potengera kalankhulidwe kake. Mu 2019 nyuzipepala ya Wall Street Journal inalemba za mkulu wa kampani ina ku Britain amene anatumiza ndalama zokwana mayuro 220,000 atamva pa foni mawu opangidwa ndi kompyuta ofanana ndi a bwana wake. Mu Januwale 2023 ofufuza a Microsoft anaonetsa pulogalamu yotchedwa VALL-E, yomwe inkatengera mawu a munthu itangomva masekondi atatu okha. Ganizirani mauthenga a mawu amene mwatumiza pa magulu a WhatsApp a kumpingo, a banki m'khonde ndi a kumudzi. Pasiwedi ikabedwa mumaisintha, koma mawu anu mudzakhala nawo omwewo mpaka ukalamba, ndipo muwagawa kwaulere tsiku lililonse.

Chotsalira ndi kupanga malamulowo mwanjira yoti ngakhale atanenedwa ndi munthu wolakwika kapena pa nthawi yolakwika, kuwonongeka kukhale kochepa, ndipo pano mpamene ndikufuna muthere Loweruka lanu limodzi. Dragon imatenga mawu ngati lamulo pamene mwapuma pang'ono musanawanene ndiponso mutawanena, choncho dzina lalifupi monga "send" kapena "clear" litha kudzuka lokha pakati pa kalata pamene mwangoima kuti muganize. Patsani lamulo lililonse dzina la mawu awiri kapena atatu amene sapezeka pamodzi m'kalata wamba, ndipo ambiri amayamba malamulo awo onse ndi liwu limodzi lachilendo kuti asasokonezeke ndi zolemba. Ife Amalawi tili ndi vuto lathulathu pamenepa. M'Chichewa l ndi r sasiyanitsa tanthauzo la liwu, ndipo lilime lathu limapita nazo zimenezi m'Chingerezi, kotero kuti "collect" ndi "correct", "lock" ndi "rock", kwa makina zimamveka mosinthanasinthana. Popeza Dragon ili kale ndi lamulo la "correct that", lamulo lanu loyamba ndi "collect" lidzakuvutitsani, ndipo ngati "clear file" ndi "create file" onse alipo, tsiku lina mudzafufuta chimene mumafuna kupanga. Malamulo awiri ochita zinthu zotsutsana asamafanane kamvekedwe, ndipo muwayese ndi pakamwa pa atsikanawo, osati panu pokha.

Ndaonapo anthu akupatsa malamulo mayina a Chichewa poganiza kuti akubisa. Dragon sidziwa Chichewa, ndipo ngakhale mutha kuiphunzitsa katchulidwe ka liwu limodzi kapena awiri, kamvedwe kake kamakhala kosadalirika. Ubwino wa dzina la Chichewa ndi woti silingasokonezeke ndi mawu a m'kalata ya Chingerezi, ndipo pa chifukwa chimenecho mutha kuliyesa. Koma ngati chobisira, ku Zomba kuno n'chopanda ntchito, chifukwa aliyense wolowa pakhomo panu alimva bwino kuposa kompyutayo.

Popanga lamulo, Dragon imakufunsani ngati lizigwira ntchito paliponse, mu pulogalamu imodzi yokha, kapena pa windo imodzi yokha. Ambiri amasiya pa Global chifukwa ndi pamene pamakhala posankhidwa kale. Pitani m'malamulo anu onse 80 ndipo lililonse mulimangirire kumene limafunika: la invoyisi lizimveka mu Excel mokha, la kalata mu Word mokha. Kenako patulani amene amachita zinthu zosabwezeka, monga kutumiza imelo, kufufuta fayilo kapena kulemba pamwamba pa fayilo yakale. Amenewa muwasinthe kuti azikonza zonse n'kuima pakhomo: lamulo la imelo lilembe uthengawo, liike keyala ndi chomata, koma batani lotumizira mudine nokha mutawerenga. Mu Advanced Scripting muthanso kuika kabokosi kofunsa ngati mukutsimikiza, koma dziwani kuti kabokosi kamene kangayankhidwe ndi mawu kamateteza ku ngozi yokha, osati kwa munthu amene waima pa maikolofoni yanu mwadala. Ndi chifukwa chomwecho nambala yachinsinsi yotchulidwa pakamwa, ngati imene Alexa imalola kuika pogula katundu, imathandiza pang'ono chabe, poti amene waimva kamodzi waidziwa. Ndipo atsikanawo musawapatse malamulo onse. Tulutsani okhawo amene ntchito yawo ikufuna, mwina 30 kapena 40, ena onse atsale kwa inu.

Zonsezi zimagwa ngati kompyuta yeniyeniyo ili pambalambanda. Aliyense akhale ndi akaunti yakeyake ya Windows, yawamba osati ya Administrator, ndi profile yakeyake ya Dragon, ndipo ngati n'kotheka asagwiritse ntchito kompyuta yanu n'komwe. Podzuka pampando dinani batani la Windows pamodzi ndi L, sikirini itsekeke, ndipo muikenso kuti izidzitseka yokha pakapita mphindi zochepa. Ngati Windows yanu ndi ya Pro, yatsani BitLocker kuti laputopu ikabedwa mu minibasi ya ku Limbe wakubayo asawerenge zamkati pongochotsa hard disk, ndipo kiyi wake wobwezeretsera mumulembe pa pepala n'kumusunga kunyumba. Pokakonzetsa kompyuta, musapereke pasiwedi ya akaunti yanu. Pangani akaunti ina yopanda kanthu yoti wokonzayo ayesere. Kuthima kwa magetsi nakonso ndi mdani wa malamulo anu, chifukwa kompyuta ikazima pamene Dragon ikusunga profile, fayiloyo itha kuwonongeka. Dragon imasunga yokha kope lina, koma pa disk yomweyo, choncho kope lanu losakiya lija likhale pa fulashi yobisika ndi pasiwedi, imene siigona mu ofesi.

Pali chinthu china chimene chimaiwalika, chomwe ndi mawu anu ojambulidwa. Kuti muthe kumvanso zimene munanena pokonza zolakwika, Dragon imatha kusunga mawuwo pamodzi ndi chikalata, m'mafayilo othera ndi .dra, ndipo m'menemo muli mayina a makasitomala ndi ngongole zawo monga momwe munazitchulira. Lowani mu Options muike kuti isamasunge pokhapokha mwailola, ndipo muzimitsenso chisankho chotumiza mawu anu ku kampani kuti iwongolere pulogalamu yake. Dragon Professional ya pa kompyuta imamasulira mawu pa makina anu omwewo, pamene mapulogalamu ambiri a pa foni amawatumiza pa intaneti. Mu 2019 zinaululika kuti Amazon, Google ndi Apple onse anali ndi anthu olembedwa ntchito yomvetsera tizigawo ta mawu a ogwiritsa ntchito. Kuyambira mu 2024 dziko lino lili ndi Data Protection Act, lamulo lomwe bungwe la MACRA limayang'anira, ndipo limaika udindo pa aliyense wosunga uthenga wa anthu ena kuti auteteze, pamene Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016 imati kulowa pa kompyuta ya wina popanda chilolezo ndi mlandu. Lachiwirilo lili kumbali yanu, koma loyambalo likuloza inu, chifukwa mabuku amene mumasunga ndi a anthu ena.

Foni yanu ndiitchule mwachidule. Ngati mumagwiritsa ntchito Siri kapena Google Assistant, zimitsani chilolezo choti aziyankha foni ili yokiya, chifukwa nambala yotsimikizira ya kubanki imafikira pa foni yomweyo.

Atsikanawo asanayambe ntchito, khalani pa kompyuta imene mwawakonzera, lowani mu akaunti yawo, tsegulani Notepad, ndipo nenani malamulo onse amene mwawapatsa, limodzilimodzi, mukuyang'ana chimene chikutuluka ndi chimene chikutseguka. Anthu ambiri akachita zimenezi amapeza nambala ya akaunti ya kubanki imene anaiika m'munsi mwa kalata zaka ziwiri zapitazo, kapena dzina la kasitomala weniweni limene linatsalira m'kalata yachitsanzo. Chilichonse chimene simukanafuna kuti chijambulidwe ndi foni chichoke m'fayiloyo musanaikiye. Ndipo tsiku limene mmodzi wa iwo adzatsanzike, mufufute akaunti yake ya Windows ndi profile yake ya Dragon tsiku lomwelo, n'kusintha pasiwedi ya imelo ya ofesi ndi ya Wi-Fi asanafike pa siteji.